Beseni la NyaGondwe

Ku Chilumba, kuseri kwa msika kumene amayi ogulitsa chinangwa amataya makoko, kuli mtengo wa mango umene mbali yake imodzi inada bii ndi utsi. Pansi pa mtengo umenewo ndi pamene a Yotamu Msowoya anakalambira. Anali mmisiri womata ziwiya zapulasitiki. Munthu ikamung'ambikira ndowa, kapena chigubu chikayamba kudontha, sankanena kuti akupita kwa a Msowoya. Ankangoti, "Ndikafike pa utsi," ndipo aliyense ankamva.

Zida zawo zinali zochepa: mbaula ya makala, tizitsulo tosalala tosulidwa kuchokera ku masowo akutha, ndi thumba la zibenthu za pulasitiki zodulidwa timizere. Kachitsulo kakafiira pamoto, ankakayendetsa pamng'alu, n'kusungunulirapo kamzere, kenaka n'kusalaza ndi chala chachikulu atachinyowetsa malovu. Chala chimenecho chinauma kalekale ngati chiboda cha mbuzi.

Sanayambire pa pulasitiki. Pa unyamata wawo anali okhoma zitini. Masiku amenewo ziwiya zinali ndi mawu. Ndowa yachitsulo ikagwa kuchitsime, mudzi wonse unkadziwa kuti mwana wa uje wapunthwa. A Yotamu ankasungunula mtovu, kumata miphika, kukhoma nyale za koloboyi ndi mafanelo a parafini. Ntchitoyo ndiyo inawagulira ng'ombe zimene anakalowolera Lettie, mwana wa a Gondwe, amene iwo moyo wawo wonse ankangomutcha NyaGondwe. Kenaka mabasi ochokera kumalire a Tanzania anayamba kutsika atasenza mabeseni ofiira, achikasu ndi obiriwira. Anali opepuka, osachita dzimbiri, osaboola thumba pogula. Zitini zinatha pang'onopang'ono, mmene limaphwerera dambo m'chilimwe. Anzawo ena analowa usodzi, ena anakwera kumapiri kukakumba malasha. A Yotamu anatsalira pambaula. Anaphunzira okha, akudziwotcha zala, kuti pulasitiki nayenso ali ndi mafuko ake. Wa chigubu amagwirana ndi wa chigubu mnzake. Wa mpando ukamumata pabeseni amaoneka ngati wagwira, koma mawa lake amakanganuka yekha ngati nkhanambo.

Utsi uja unawadyetsa, unalera ana, ndipo unawalanda chifuwa. Pofika zaka zimene tikunenazi ankayamba atsokomola asanapereke moni, ndipo maso onse awiri anali atachita ng'ala. Nkhope ya munthu ankaiona ngati ili kuseri kwa nsalu yonyowa. Ntchito yonse inatsalira m'zala.

NyaGondwe anali atapita kale. Anadwala dzinja limodzi, n'kutsikira kuli chete mpunga usanache. Kwawo kwa a Yotamu, ku Vinthukutu, munthu akaikidwa amamusiyira chiwiya chake pamwamba pa mtumbira. Makolo ankaika nkhate yosambira kapena chikho chomwera. Mibadwo yotsatira inayamba kuika mbale zachitsulo, ndipo lero amaika za pulasitiki, poti ndizo munthu amakhala nazo. Asanachisiye amayamba achiboola pansi ndi msomali wamoto, kuti nachonso chife, chisagwirenso ntchito kwa amoyo. NyaGondwe anamusiyira beseni lake lalikulu lobiriwira, atalivundikira kumutu. Chiliza chasimenti a Yotamu ankati adzamanga chuma chikalola, koma sichinalole. Ndipo kumanda si kumunda koti munthu n'kumangopitako. Amalowako pamaliro, kapena tsiku limene akuluakulu anena kuti kulambulidwe. Choncho mtima wawo unkangokhazikika podziwa kuti beseni lilipo, likusonyeza pamene anagona mkazi wawo.

Chaka china kunabwera chigayo chachilendo. Mwini wake anali Zubairi, Msilamu wa ku Mangochi, amene anali ndi golosale pamsika pomwepo kwa zaka zingapo, akugulitsa sopo, shuga ndi ulusi wosokera maukonde. Anamanga mpanda wa malata kuseri kwa golosale, napachika sikelo pamtanda, nalengeza kuti akugula pulasitiki wakutha wamtundu uliwonse. Chigayocho sichinkagaya chimanga. Chinkameza ndowa zosweka, mipando yothyoka miyendo ndi zigubu zophwanyika, n'kumalavula tizibenthu tonga mphale. Matumba akadzaza, lole inkabwera kudzawatenga.

"Amapita nazo kufakitale, kumwera uko," Zubairi anawafotokozera a Yotamu tsiku lina atabwera kudzakhala pachitsa cha makasitomala pansi pa mango. "Mafuta ophikira aja amachokera kunja, amabwera pamathanki. Kale ndi zigubu zomwe zinkachokera konko. Pano chigubu akuumba konkuno, ndi zinyalala zathu zomwezi. Ndowa yanu yosweka imapita, n'kubwerera ili chigubu cha mafuta. Zinthu zikuzungulira, madala."

"Zikuzungulira, koma pano sizikudzerapo," anatero a Yotamu.

Zinali zoona. Anthu anasiya kubwera pa utsi. Ndowa ikang'ambika ankaipereka pasikelo, n'kuwonjezerapo pang'ono, n'kugula yatsopano. Ngakhale zibenthu zomatira, zimene kale ankangotola m'ngalande, zinasowa. Ngalande za Chilumba zinayera ngati zasesedwa ndi mkamwini.

"Utsi wanu wachepatu masiku ano," Zubairi anawaseka. "Mwasiya kusuta?"

"Mwandilanda fodya ndinu, Che Zubairi. Ndiye mwabwera kudzaona ngati ndafa?"

"Mukafa ndidzayamba ndakukwezani pasikelo. Koma simungalemere, mafupa okhaokha."

"Chigayo chanu chingathyoke mano."

Anaseka onse, a Yotamu mpaka chifuwa chinawagwira. Zubairi anadikira kuti chitsike, kenaka ananena chimene anadzera. Mumulu wa kumpanda kwake munkapezeka ziwiya zina zabwinobwino, zongoboola pang'ono. Kuzigaya kunkamupweteka mtima. Bwanji azizipatula, a Yotamu azizimata, iye azigulitsa pagolosale kwa anthu osakwanitsa zatsopano? Zopezazo azigawana.

A Yotamu anavomera asanamalize n'komwe. Makala anali atatsala pang'ono m'thumba, ndipo kunyumba mwana wawo wamkazi Towera, amene anabwerera kuukwati ndi ana ake, anali atayamba kuphika kamodzi patsiku.

Ntchitoyo inali yophweka kuposa zonse zimene anagwirapo. Ziwiya zambiri zimene Zubairi ankabweretsa zinalibe mng'alu. Zinali ndi kabowo kamodzi kokha, kozungulira, pakati penipeni pa pansi pake. Makapu, mbale, timabeseni, zina zitayezuka ndi dzuwa mbali yakunja koma m'kati zili zolimba. Kachitsulo kamodzi, kadontho ka pulasitiki, chala, basi. Munthu amene anaimirira pamaliro ochuluka chotere anayenera kudziwa kabowo kameneko. Mwina penapake mumtima anakadziwa. Koma anadziuza kuti ndi anthu ofesa mbande za tomato amene amaboola ziwiya kuti madzi azituluka, ndipo sanafunsenso. Munthu wotopa akapeza ntchito yosavuta safuna kuiyang'anitsitsa. Zubairi ndiye sakanadziwa n'komwe. Kwawo pamanda amangoika mwala kapena kamtengo, sasiyapo mbale.

Zinayenda choncho mwezi wathunthu ndi masiku ena.

M'mawa wina wa mwezi wa Okutobala, kutentha kutayamba kale nyenje zisanalire, Zubairi anatula mulu wina pansi pa mango n'kubwerera kugolosale. Pansi pa muluwo panali beseni lalikulu. A Yotamu analivundikira pamaondo, napeza kabowo, nakatseka. Kanatsekeka bwino. Anathiramo madzi a m'chigubu kuti aone ngati likudontha, nayendetsa dzanja kunsi kwake, kenaka m'mbali, monga ankachitira ndi chiwiya chilichonse.

Chala chinaima pa chigamba.

Chinali chigamba chachitali, chotsika kuchokera pamlomo wa beseni, chokhala ndi timizere topingasa ngati minga ya nsomba. Timizere timeneto sankaikira makasitomala, chifukwa timadya nthawi ndi makala. Anasuntha dzanja. Chapafupi panali chigamba china, chachifupi, chokhuthala. Anazunguliza beseni, madzi akukhavukira pamiyendo, ndipo mbali inayo anapeza pamene mlomo unapindika n'kuuma chopindika.

Analikweza pafupi ndi maso. Mtundu unali utayezuka, koma chigamba chachitalicho chinkaonekabe chachikasu pa beseni lobiriwira.

Anachimata chaka chimene ng'ombe ya mnansi inaliponda NyaGondwe akuviika chinangwa. Tsiku limenelo analibe pulasitiki wobiriwira, nadula chigubu chachikasu. NyaGondwe analitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Za anthu mumafananitsa mitundu. Langa mwaliveka malaya a wamisala." Koma sanalole kugula lina. Chachifupicho chinali cha tsiku limene linagwa pa lole pochokera kokolola mpunga. Popindikapo ndi pamene Towera, akali kamtsikana, analiiwala pafupi ndi mafuwa. M'beseni limenelo anasambiramo ana onse, ndipo m'masiku omaliza a Yotamu ankatenthetsa madzi okha, n'kumamupukuta NyaGondwe msana ali chikhalire pamphasa.

Anakhala nthawi yaitali beseni lili pamaondo. Kachitsulo kanapsa pambaula mpaka kuyera. Chimene chinkawazungulira m'mutu sichinali wakubayo ayi. Chinali chakuti bowo limene abale anaboola tsiku la maliro, iwo eni alitseka ndi chala chawo, ndipo lagwira bwino.

Anataya madzi, nanyamuka kupita kugolosale.

Zubairi anali akuyeza shuga. Mkazi wake Salma anali pakhomo akusankha mpunga m'lichero, ndipo ataona beseni anaimika manja.

"Limenelotu ndalikonda ine," anatero. "Musaligulitse, bambo ake. Mabeseni olimba chonchi anasiya kupanga."

"Ili silipita kwa munthu, mayi," anatero a Yotamu.

"Mwaona, madala ayamba kusankha katundu wanga," Zubairi anaseka. "Mukufuna kukwatiranso? Mwayamba kusonkhanitsa ziwiya?"

"Che Zubairi, beseni ili mwalitenga kuti?"

"Mumulu. Ndingadziwe bwanji? Amabwera ndi matumba anthu a ku Uliwa, a ku Vinthukutu, ena mpaka ku Mlare. Ine ndimayang'ana sikelo."

"Ndi la mkazi wanga."

"Ndiye analitaya, madala. Akazi amataya zinthu osatiuza."

"Mkazi wanga ali kumanda. Beseni ili linali pamtumbira pake."

Salma anaika lichero pansi. Zubairi anatsala atagwira kapu ya shuga m'mwamba. A Yotamu anawafotokozera za msomali wamoto ndi za kabowo ka pakati, mawu akutuluka pang'onopang'ono pakati pa kutsokomola. Sanakweze mawu. Analibe mphamvu zokwezera, ndiponso sankadziwa woti amukwezere.

"Subuhana llahi," Zubairi ananong'ona. "Ndiye zonse zija? Makapu aja? Mbale zija?"

"Zonse zinali ndi kabowo kamodzi."

"Inu simunaone?"

"Ndinaona."

Salma analowa m'nyumba mofulumira, natuluka ndi makapu awiri ndi kambale, naziika patali pafumbi, napukuta manja pachitenje kangapo. Zubairi anayang'ana pashelefu pamene pankakhala ziwiya zomatedwa. Panali patatsala zochepa. Zina zonse zinali m'makomo a anthu, ana akumweramo phala.

"Ndikaziitanitse? Ndinene chiyani? Ena anali apaulendo, sindikuwadziwa n'komwe." Zubairi anakhala pathumba la mchere. "Kuyambira lero chilichonse chokhala ndi bowo limenelo sindilandira. Ndiuza onse."

"Mukawauza, azidzayamba aziphwanya ndi mwala, n'kubwera ndi zibenthu," anatero a Yotamu. "Chibenthu mudzachidziwa bwanji?"

Kuseri kwa mpanda chigayo chinali chikulira, chikumeza zimene chinapatsidwa m'mawawo.

"Tengani, madala," anatero Zubairi pomaliza. "Pepani. Mulungu ndi mboni, sindinadziwe."

"Inu simukanadziwa."

Salma anawapatsa thumba loyera loti akulungire. Anamanga beseni pakaliyala ya njinga yawo, imene anasiya kukwera chiyambire vuto la maso, nayamba kuikankha kulowera ku Vinthukutu dzuwa lili paliwombo. Sanazimitse n'komwe mbaula.

Towera anawaona akulowa pabwalo nthawi yosazolowereka, nathamanga kudzalandira njinga. Atamasula thumba anabwerera m'mbuyo, dzanja lili pakamwa. Iye sanafunikire kupapasa.

"Adada, ili si la amama?"

"Ndi lomwelo."

"Lafika bwanji kuno?" Anamva nkhani yonse ali chiimire, misozi ikutsika osaipukuta. Koma a Yotamu atanyamula beseni kulunjika pakhomo, anawatsekereza. "M'nyumba ayi, adada. Muli ana muno. Chinthu chagona kumanda zaka zonsezi."

"Ndi la amayi ako."

"Ndikudziwa. Koma m'nyumba ayi."

Sanalimbane naye. Analipachika panthambi ya mtengo wa m'mphepete mwa munda wa chinangwa, napita kwa mkulu wawo, a Zebedee, amene pabanja lawo ndiwo anali ndi mawu pa za kumanda. Anawapeza akusoka dengu pakhonde. A Zebedee makutu anali atayamba kuwathawa, choncho nkhani imene a Yotamu ankafuna kuinena chapansipansi anainena mofuula, m'Chitumbuka chawo, nkhuku ndi anansi akumva.

"Wati walimata?" anafunsa a Zebedee.

"Ndalimata."

"Iwe Yotamu. Ife tinalipha bwinobwino, iwe wakalidzutsa?" Anapukusa mutu, nabaya dengu ndi chisongole. "Kuyambira uli mwana sunkatha kuona bowo osalitseka. Unamata chipanda cha agogo ndi phula, ukukumbuka? Mowa wonse unanunkha uchi."

"Akulu, ndikufuna ndikalibwezere."

"Ukalibwezera, sabata isanathe likhala lili pasikelo kachiwiri. Ukuganiza kuti anatenga lako lokha?" Anaika dengu pambali. "Mawa m'mawa. Ndikauza eni mudzi madzulo ano kuti tikulowa. Ubwere ndi khasu, ndi kachitsulo kako. Silingagone kumeneko lili lamoyo."

Kutacha analowa m'nkhalango ya manda awiriwiri, a Zebedee patsogolo ndi chikwanje, a Yotamu pambuyo ndi beseni, khasu, kachitsulo, ndi phale la makala amoto. Pamalire anaima, a Zebedee nawomba m'manja katatu mwaulemu, nanena kuti obwerawa ndi ana a pamudzi, sanabwere ndi choipa. Kenaka anapitirira.

Sanayende patali a Zebedee asanaime.

"Mayo ine," anatero.

A Yotamu sankaona bwino, koma ngakhale iwo anazindikira. Kale munthu akalowa muno ankaona mitundu ili mbwee pakati pa mitengo, kofiira apa, kobiriwira apo, chiwiya chilichonse chikutchula mwini wake. Tsopano kunali kotuwa kokhakokha. Kunatsala mapale a nkhate zamakedzana, ndi mbale zachitsulo zodyeka ndi dzimbiri zimene zikanangofumbutuka m'manja. Ziliza zochepa zasimenti zinali chiimire ndi mayina ake. Mitumbira ina yonse inali itaphwa ndi mvula za zaka, yofanana ngati mizere ya mbatata yakale, yokutidwa ndi masamba ouma.

"NyaGondwe tinamuika kufupi ndi muwanga uwo," anatero a Zebedee, akuloza ndi chikwanje.

"Ayi, akulu. Kunali kumunsi. Ndinaima pamthunzi wa mtengo wa nthudza."

"Nthudza zili ponseponse muno. Unkalira iwe, unkaona chiyani? Ine ndinagwira khasu."

Anapita pamuwanga. Panali mitumbira itatu yoyandikana. A Zebedee anaiyang'ana, nayenda kuizungulira, nabwerera pamene anayambira.

"Uwu ndi wa mlamu wathu wa kwa Mhango. Kapena uwu. Pakati pawo panadzalowa mwana wa mlongo wathu Fainess chaka cha kolera." Mawu awo anayamba kuchepa. "Ndinkadziwira mbale. Mbale yofiira inali ya mwanayo, kapu yoyera ya mlamu."

A Yotamu anakhala pansi, beseni lili pachifuwa. Kubedwa kwa beseni anali atakupirira usiku wonse. Koma kuti aime m'manda a kwawo, atanyamula chiwiya cha mkazi amene anagona naye mphasa imodzi zaka zonse zija, osadziwa poti achitule, chimenecho sanachikonzekere. Akalakwitsa, ndiye kuti adzakhala akulozera adzukulu pamanda a munthu wina, ndipo tsiku lawo likadzafika adzawaika pambali pa mlendo.

"Tingoika pamene mtima ukunena," anatero a Zebedee mofatsa. "Akufa amadziwana okha."

"Ayi."

Anaika beseni pambali, nagwada, nayamba kukwawa. Pa mtumbira woyamba anasesa masamba kumutu ndi manja, napapasa dothi. Linali lolimba, losalala, lomera timaudzu touma. Chapakati anapeza kabwalo kakang'ono, kosaposa chikhatho, kopanda udzu. Pamenepo panali kapu. Anapita pa wachiwiri. Kabwalo kake kanali ka mbale. Wachitatu unalibe kanthu.

"Ukufuna chiyani, iwe? Udzalumidwa ndi zinkhanira."

"Chinthu chikavundikirika zaka, pansi pake sipamera udzu. Ndipo mlomo wake umadinda dothi."

Anatsika kumunsi, akukwawabe, maondo akubayidwa ndi timiyala, chifuwa chikuwaimitsa pafupipafupi. A Zebedee, atang'ung'udza pang'ono, anayamba kuwatsogolera, akukankha masamba ndi chikwanje mtumbira uliwonse. Dzuwa linakwera. Makala a m'phale anayamba kuchita phulusa, a Zebedee nawauzira kuti asazime. Anapeza mabwalo ambiri, aang'ono ndi apakati, aliwonse ndi mwini wake amene tsopano analibe chomutchula.

Kumunsi kwenikweni, pafupi ndi chulu, dzanja la a Yotamu linagwera m'kangalande kosaya. Analitsatira. Kankapita mozungulira, kotakata, ndipo m'kati mwake dothi linali lofewa, lodutsidwa ndi njira za chiswe. Mbali imodzi kangalandeko kanapatuka pang'ono kulowa m'kati, n'kubwereranso.

"Akulu, bweretsani."

Analivundikira pang'onopang'ono, akulizunguliza mpaka mlomo wopindika uja unafika popatukapo. Linakhala pansi lonse, osagwedera.

A Zebedee anayang'ana m'mwamba. Panalibe muwanga, panalibenso nthudza. Unali mtengo wa msolo.

"Tonse tinanama," anatero.

A Yotamu anasanjika dzanja pabeseni, nalankhula chapansipansi, mawu amene mkulu wawo sakanawamva ngakhale makutu akanakhala abwino. Atatha anaika kachitsulo pamakala, nadikira kuti kafiire, napapasa pakati pa beseni mpaka anapeza kadontho kamene anamata dzulo lake. Kanali kosalala bwino. Anabaya pomwepo. Kautsi kanakwera, ndipo kachitsulo kanalowa mosavuta.

"Tsopano ulisiya pamwamba?" anafunsa a Zebedee.

"Ndikwirira."

"Mwambo umati lizioneka."

"Likaoneka lipita."

A Zebedee anaganiza, akukanda chibwano. Kenaka anatenga khasu okha. Anakumba mosamala kumutu kwa mtumbira, m'kati mwa bwalo lomwe lija, dzenje losafika m'bondo. Anasinthana kawiri, chifukwa aliyense mpweya unkamuthera. Analowetsa beseni chovundikira, nabwezera dothi, a Yotamu nalitsendera ndi zikhatho, nawazapo masamba ouma kuti pasaoneke kuti pakumbidwa.

Atatero anaona vuto lina: mtumbirawo tsopano unafanana ndi ina yonse. A Zebedee anapita kumalire a manda, nabwerera ndi nthambi ya nkhadze ikudontha utomoni, naizika pambali pa pamene anakwirira.

"Iyi imagwira ngakhale m'chilimwe," anatero. "Mbuzi siidya, ndipo palibe sikelo imene ingaigule. Mvula ikagwa udzabwere ndi Towera, adzaone ndi maso ake. Ife awiri si anthu owadaliranso."

Anakhala pansi pamthunzi wa msolo kuti mpweya ubwerere. A Zebedee ankayang'ana mitumbira ina ija, imene anaisesa masamba n'kuisiya ndi mabwalo ake poyera.

"Nanga enawa?" anafunsa.

"Tikawauze eni ake abwere mvula isanagwe," anatero a Yotamu. "Ikagwa, mabwalowa afufutika."

"Tiyambire kwa Fainess. Dzuka."

"Dikirani pang'ono, akulu. Miyendo."

A Zebedee anadikira.